Njerwa za ku Linga

Kwathu kwenikweni ndi ku Linga. Ndikatero anthu amaganiza za ku Nkhotakota, ndipo ndinatopa nako kuwawongolera. Linga lathu ndi laling'ono. Lili kumunsi kwa Mtakataka, ukasiya msewu wa phula n'kulowera chakunyanja, kudutsa madambo a mpunga mpaka pamene mchenga umayamba kumiza matayala a njinga. Pamapu silipezeka. Ndaphunzitsa ana a pulayimale mpaka imvi, ndajambula nyanja pabolodi kambirimbiri, koma kadontho ka kwathu sindinakaikepo.

Ndili mwana, mudzi wonse unali m'kati mwa khoma la dothi. Silinali khoma ngati la nyumba ayi. Unali mtumbira waukulu wozungulira mudzi, wotalika kuposa munthu wamkulu atakweza dzanja, ndipo pamwamba pake panamera nkhadze ndi mitengo ya minga. Kunja kwake kunali ngalande yomwe inali itayamba kale kukwiririka. Zipata zinali ziwiri, cha kumapiri ndi cha kunyanja. Zitseko zinatha ife tisanabadwe, koma aliyense ankalowerabe pazipatapo. Ngakhale mbuzi zinkadziwa.

Bambo anga sanali a ku Linga. Anali mphunzitsi wochokera ku Mua, ndipo anabwera kwa amayi pa chikamwini. Mwa anthu onse a m'mudzimo, mkamwini ameneyu ndi amene ankalikonda khomalo koposa eni ake. Lamulungu tikabwerako ku mapemphero ankatikweza pamwamba pake, ine ndi mchimwene wanga wamng'ono, ife mapazi akupsa ndi dothi, n'kumatilozera uku ndi uku.

"Yang'anani kumadzulo. Mukuona chiyani?"

"Mapiri."

"Uko ndi kumene kunkatsika nkhondo ya zishango. Tsono tembenukani."

Kum'mawa kunali bango, ndipo kutali, kuseri kwa bangolo, kamzere ka madzi.

"Uko kunkachokera zombo za anthu a mfuti. Makolo a amayi anu anali ngati mbewa: uku utsi, uku khasu. Nanga akanatani? Anasenza dothi."

Ankatifotokozera chifukwa chake anasankha malo amenewo. Kummwera kuli mtsinje ndi dambo lomwe m'dzinja limameza munthu mpaka m'chiuno. Kumpoto kuli chitsamba cha minga. Ndipo nthawi imeneyo nyanja inkafika pachipata penipeni. Mtengo wa bwemba womwe tinkatolapo zipatso, ati, ndi pamene ankamangirira zombo. Ife zinkatiseketsa, poti kuchoka pabwembapo kukafika pamadzi munthu unkayenda mpaka kumva ludzu. Ankati ku Linga kunali msika wa mchere, nsalu, mikanda ndi minyanga, ndipo anthu ankachokera kutali kudzathawirako mpaka nyumba kukhudzana madenga.

Panali chinthu chimodzi chomwe amayi sankafuna kuti bambo azinena. M'kati mwa linga, chakufupi ndi chipata cha kunyanja, munali kamalo kamene sitinkalimapo kapena kumangapo. Bambo ankati pamenepo ndi pamene ankasungira anthu ogwidwa podikira zombo, ndipo kuti khoma lomwe linamangidwa potsekereza adani kunja pambuyo pake linkatsekeranso anthu m'kati. Tsiku lina amayi anawamva ali kupeta pabwalo. Anasiya lichero.

"Inu ndinu mlendo pano. Za makolo anga mwazidziwira kuti?"

"Ndinafunsa akuluakulu."

"Akuluakulu ake ati? Paja sitilima chifukwa sitilima. Basi."

Bambo anatsika pakhomapo. Mkamwini sakweza mawu pabwalo la eni.

Mudzi sunafe tsiku limodzi. Unkangothothoka ngati nthenga za nkhuku yodwala. Njanji inali itakoka kale anthu ena agogo athu ali moyo. Msewu utakonzedwa unakoka otsala. Amene ankafuna chigayo, chipatala, sukulu ya ana, ankasamukira kumsewu. Asodzi anatsatira madzi kumene anathawira. Ine ndinapita kusukulu ya uphunzitsi, ndinakwatiwa, ndinaphunzitsa uku ndi uku, mapeto ake ndinakhazikika pasukulu ina kufupi ndi Golomoti. Mchimwene wanga anakwatira chakumsewu ku Mtakataka n'kumalima mpunga. Bambo atamwalira abale awo anawatenga kukawaika kwawo ku Mua, monga mwa mwambo. Ku Linga kunatsala amayi ndi mabanja owerengeka, okalamba okhaokha.

Zaka zimene zinatsatira ndimazikumbukira ndi miyendo. Loweruka ndinkakwera minibasi pa Golomoti, kutsika pa Mtakataka, kukwera kabaza mpaka pamene wakabazayo anena kuti "mayi, apa ndiye pathera", kenaka wapansi, nditasenza ufa, sopo ndi mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi. M'chilimwe mchenga unkawotcha kupyola m'masilipasi. M'dzinja ndinkavula nsapato, kukwinya chitenje, n'kulowa m'matope. Ndinkafika nditathodwa, ndipo amayi ankandilandira ndi mawu omwewo.

"Wabweranso? Ndinakuitana?"

"Amayi, chitsime chija chagumuka. Madzi mukutunga kuti?"

"Kumene amatunga anzanga."

"Tiyeni mukakhale kwa ine. Chipinda chilipo."

"M'nyumba ya sukulu? Akakuchotsa ntchito ndidzapita kuti? Pano palibe angandichotse."

Ndinkawachapira, kuwasesera, kuwawerengera mapiritsi amene sanamwe. Lamulungu masana ndinkabwerera njira yomweyo, Lolemba n'kuimirira pamaso pa ana mawondo akuwawa. Sindinganame kuti ndinkapita ndi chimwemwe. Ndinkapita chifukwa anali amayi anga.

Nzeru yomanga nyumba inachokera kwa mchimwene wanga. Anati amayi akukana kukhala m'nyumba ya munthu, ndiye tiwamangire yawoyawo, ya malata, pafupi ndi iye, pamene chipatala ndi mjigo zili pafupi. Ndinavomera ndi mtima wonse. Za njerwa sindinafunse.

Loweruka lina m'chilimwe ndikulowa pachipata cha kumapiri ndinamva makasu. Ndinatsata phokosolo mpaka mbali ya kunyanja. Nkhadze zinali zitagwetsedwa, utomoni wake woyera ukudontha pansi. Khoma linali litang'ambidwa mpata woti ngolo n'kudutsa. Mchimwene wanga anali m'matope mpaka m'mawondo, chikombole m'manja, ndi amuna ena awiri akuponda dothi. Njerwa zinali zitayalidwa mizere padzuwa.

"Achimwene, mukuchita chiyani?"

"Mukuona nokha, achemwali."

"Dothi linasowa dziko lonseli?"

"Kumsewu kuja ndi mchenga wokhawokha, njerwa yake ukangoigwira yanyenyeka. Ili ndi dothi la pachulu. Makolo anachita kusankha." Anapukuta thukuta ndi mkono. "Ndiponso sindine woyamba. Pitani mukaone kumpoto uko. Anthu anayamba kalekale."

Zinali zoona. Ndinali nditaona maenje kumpotoko koma sindinafune kuwaganizira. Ndinafuna kunena za bambo, za Lamulungu lija ankatikweza pamwamba, koma mawu ake anandithera. Munthu amene wakhala akudandaula za ulendo wa ku Linga mlungu uliwonse anali ine ndemwe.

Amayi anali atakhala pamkeka pansi pa bwemba, akuyang'ana.

"Amayi, mukungowaonerera?"

"Nanga ndiwamenye?"

"Akugumula linga."

"Analiumba ndi anthu. Ankaopa nkhondo. Iwe nkhondo ukuiona?"

"Ndiye mwavomera kusamuka?"

"Sindinatero. Ndati akumbe."

Ndinakhala pambali pawo. M'dothi lomwe ankakumbalo munkatuluka mapale a miphika, makala akale, ndi timikanda tobiriwira tomwe amunawo ankangotitaya pambali. Dzuwa litapendeka khasu la mmodzi wa iwo linagunda chitsulo. Anali atakumba kulowera kukamalo kaja sitinkalima. Anachizula, n'kuchigogoda pa mpini kuti dothi lichoke. Chinali chitsulo chozungulira, chadzimbiri, chokula ngati khosi la munthu, ndi mphete zingapo za unyolo zitamamatirana. Anachinyamula m'mwamba kutionetsa, akuseka, koma ataona nkhope zathu kuseka kunatha.

Mchimwene wanga anatuluka m'matope, anachilandira, anachibwezera m'dzenje momwemo n'kukwirira ndi phazi. Anawauza anzakewo kuti azikumba cha uko. Kenaka amayi anayankhula, maso ali pansi.

"Abambo ako akanakhalapo, lero sitikanapuma."

Nkhani imeneyo sanaitchulenso mpaka kufa kwawo.

Njerwa anaziwotchera komweko, nkhuni za uvuni wake zinali mitengo ya pakhoma pomwepo. Zinapsa bwino, zofiira, zolira ngati belu ukazigogoda. Ngolo zinazituta kupita nazo kumsewu. Nyumba inatha mvula isanayambe: zipinda ziwiri, khonde, simenti pansi. Amayi anakana kwa nthawi, kenaka malungo atawagwetsa n'kugonekedwa m'chipatala, potuluka tinangowapititsa kunyumba yatsopanoyo. Katundu wawo tinakatenga pangolo. Sanali wambiri: mphasa, mtondo, miphika, bokosi la zitenje, ndi mtanda wa mtengo umene bambo anasema ali mnyamata.

Ndinkaganiza kuti tsopano ndipuma. Sizinatero.

Amayi ankati malata akuwaphika mutu. Ankati magalimoto akuluakulu akamadutsa nyumba ikunjenjemera. Ankati madzi a pamjigo akununkha chitsulo. Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wangayo, ankayesetsa, koma amayi ankalandira mbale yake ngati mlendo wapaulendo, kuthokoza mopitirira muyeso. Kenaka anayamba kusowa. M'mawa mlamu akapita kumunda, pobwera ankapeza chitseko chili chotseka bwinobwino, ndodo palibe. Foni inkalira ndili m'kalasi.

"Alamu, amayi achokanso."

Ndinkasiyira ana ntchito pabolodi n'kuthamangira minibasi. Nthawi zina tinkawapeza panjira atakhala pansi pa mgwalangwa, mpweya utawathera. Nthawi zina anali atafika, akusesa pabwalo la nyumba yopanda chitseko.

"Amayi, mudzatifera panjira."

"Ndimati ndione ngati chiswe chalowa."

"Chikalowa ndiye mutani?"

Ankatambasula dzanja kuti ndiwadzutse, ndipo tinkabwerera pang'onopang'ono, iwo patsogolo ine pambuyo. Aphunzitsi aakulu a pasukulu pathu anandiitana kawiri konse kundifunsa ngati ndikufunabe ntchito. Ndinawauza kuti ndikuifuna. Kunena zoona, nthawi imeneyo chimene ndinkafuna chinali kugona tsiku lathunthu popanda wondiitana.

Maulendo amenewo anatha okha miyendo ya amayi itatupa. Ndipo ndi nthawi yomweyo pamene kunabwera zaka za mvula yambiri. Mitsinje yochokera kumapiri inkatsika ndi miyala ndi mitengo, kuswa milatho, kukwirira minda ndi mchenga. Nyanja nayo inayamba kukwera. Inameza bango, inameza madimba, inalowa m'minda ya mpunga. Anthu amene anamanga m'mphepete anasamuka. Tinamva kuti madzi afika ku Linga, ndipo alowa m'kati kudzera m'mipata ya oumba njerwa. Okalamba amene anatsalako ana awo anakawatenga.

Sitinafune kuwauza amayi, koma kumsewu nkhani siibisika. Ndinawapeza atavala chitenje chawo cha kutchalitchi.

"Mundiperekeze."

"Kulibe njira, amayi. Ndi madzi okhaokha."

"Ndiye mundiperekeze pamadzipo."

Mchimwene wanga anabwereka ngolo. Tinawagoneka pamatiresi, ine nditawagwirira ambulera. Ng'ombe zinayenda mpaka madzi atafika m'mimba, kenaka zinaima, ndipo ngakhale mwini wake anazikwapula sizinasunthe. Msodzi wina amene ankatchera ukonde pamene kale panali munda wa chimanga anavomera kutitenga pabwato lake la matabwa. Tinawanyamula amayi ngati mwana. Anali opepuka moti ndinachita mantha.

Tinalowa ku Linga pabwato, kudzera pampata umene mchimwene wanga anakumba. Iye anayang'ana kumbali. Zigawo za khoma zimene zinatsala zinkaoneka ngati misana ya mvuu, akakowa atatera pamwamba. Msodziyo anakocheza pabwemba n'kumangirira chingwe kunthambi yake, osadziwa kanthu, kungoti ndi mtengo umene unali pafupi. Ine ndi mchimwene wanga tinayang'anizana. Amayi sanaone zimenezo. Maso awo anali pamene panali nyumba yawo. Makoma anali atasungunuka, denga litakhala pamadzi ngati chipewa.

"Mphero yanga," anatero. "Munaisiya."

Unali mwala wawo woperera mapira, umene unali pakhonde chibadwire changa. Tsiku losamutsa katundu tinausiya chifukwa cha kulemera, ndiponso panalibe amene ankaperanso pamwala. Mchimwene wanga anavula malaya n'kutsikira m'madzi ofika pachifuwa. Anayendayenda akufufuza ndi mapazi, kugwada mpaka madzi kum'fika pachibwano, kudzuka ndi chigumu cha dothi, kuchitaya. Anafufuza nthawi yaitali. Dzuwa linali pamutu, ndipo msodziyo anayamba kuyang'ana kumene anasiya ukonde wake.

"Amayi, sindikuupeza."

"Khonde linali uku, osati uko."

Anafufuzanso kumene analozako. Sanaupeze.

"Basi, tuluka," anatero amayi. "Ungadwale. Tiyeni, ndatopa."

Pobwerera anagona tulo pangolo, pakamwa pali pululu, ntchentche zikuwatera, ine ndikuziingitsa ndi nsonga ya chitenje.

Anakhala miyezi ina ingapo. Sanadandaulenso za malata kapena za mjigo. Ankakhala pakhonde kuonerera minibasi, ndipo mlamu akawabweretsera phala ankadya osanena zambiri. Anamwalira m'mawa wina mvula itangosiya, mlamu akuwasambitsa.

Manda a makolo athu ali kunja kwa linga, mbali ya kumapiri, pamsitu umene madzi sanaumize. Amayi ankanena nthawi zonse kuti adzagona pambali pa amayi awo. Adzukulu, amuna okumba manda aja, analawirira ndi makasu. Dzuwa litakwera mmodzi anabwera pasiwa, matope mpaka m'ntchafu, n'kuitanira mchimwene wanga pambali. Anati akumba kufika m'chiuno ndipo madzi akutumphuka pansi. Anayesa pena, chimodzimodzi. Anayesa kukapa ndi ndowa, dzenje likudzazanso iwo akuona.

Akuluakulu a banja anakhala pansi kuseri kwa nyumba. Ena ankati tiyale miyala ndi mitengo pansi pa dzenje. Ena ankati munthu saikidwa m'madzi ngati ng'ona. Anakambirana mpaka anthu a kwaya anatha nyimbo n'kuyambiranso zoyamba. Potsiriza anandiitana, poti ndine mwana wamkulu.

"Inu mukuti bwanji?"

Ndinali ndisanagone, mutu ukulira. Ndinati, "Kulikonse kouma."

Abale a bambo anavomera kuti amayi akagone ku Mua. Tinakwera nawo pa lole kumtunda, kumene nthaka ndi yofiira ndi ya miyala, ndipo tinawaika pafupi ndi amuna awo. Azakhali ena a kuchikazi sanabwere nawo, ndipo mpaka lero sandiyankhula bwino. Amati ndinapereka mayi wanga kwa eni ake a mwamuna. Sindinawatsutse. Mphamvu zotsutsana ndi munthu zinali zitandithera.

M'nyumba ya njerwa ija tsopano mukukhala mwana wamkazi wa mchimwene wanga ndi ana ake. Ndi nyumba yolimba, ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Ine ndinapuma ntchito, ndikukhalabe ku Golomoti, ndimalima kamunda ka nandolo ndi chimanga.

Ku Linga ndinapitako kamodzi chichitikire maliro, m'chilimwe chathachi, madzi atabwererako pang'ono. Palibe chimene ndinkakafuna. Ndinangodzuka tsiku limenelo n'kukwera minibasi. Ndinapeza pachigawo cha khoma chimene chinatsala chachitali pali zisakasa za asodzi ochokera kwina, poti ndi pokhapo pokwera. Anali atayanika usipa pamathandala, ana akuthamangitsa akhwangwala. Pansi ponse panali matope ouma ong'ambikang'ambika ndi zigoba za nkhono. Sindinathe kuloza pamene panali bwalo lathu.

Mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, anasiya kutembenuza usipa n'kubwera kudzandilonjera. Anagwada, n'kundipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki.

"Mukufuna ndani, amayi?"

"Palibe. Ndimangodutsa."

"Kuno sikudutsika. Kutsogoloku ndi madzi."

"Ndaona."

Anandibweretsera chigubu chopanda kanthu kuti ndikhalire, n'kubwerera kuntchito yake. Ndinakhala pamenepo mpaka mapazi atasiya kugunda. Kenaka ndinabweza kapu, ndinathokoza, ndipo ndinayamba kuyenda kuti ndikapeze kabaza dzuwa lisanafike pamutu.